Tiyi wa m'manja mwa mkamwini

Nthanda anandiuza Lachitatu kuti Loweruka tikamwa tiyi ku Manchester. Ndinamufunsa ngati tiyi watha m'nyumba mwathu.

"Amayi, musayambe. Mayi ake a Lawrence akufuna akuoneni. Ali ndi nyumba yomweramo tiyi wachitchaina."

Lawrence ameneyu ndi mnyamata wachitchaina wobadwira konkuno. Amagawa mankhwala pachipatala pomwe mwana wanga amagwira ntchito ya unesi. Dzina lake ndinali nditaliletsa m'nyumba mwanga chifukwa ndinkadziwa kumene nkhani ikupita. Mwana wamkazi wa zaka makumi atatu sakukokera kwa mayi wa munthu kuti ukangomwa tiyi basi.

Ine ndinabwera ku Salford mu 2004, bambo ake a Nthanda atamwalira. Mwana ndi mmodzi yemweyo, ena awiri ndinaika m'manda ku Thyolo. Mufulati mwathu tili awiri basi. Ntchito ndimagwira kunyumba yosungirako nkhalamba: kusambitsa, kuchapa, kutembenuza amene sangathe kudzitembenuza. Ndiye ndimaona zonse. Ana awo amabwera pa Khirisimasi ndi maluwa, amakhala pang'ono maso ali pawotchi, ndi ulendo. Kuchipinda cha kumapeto kuli mayi wina amene amavala jekete m'mawa uliwonse, akuti mwana wake abwera kudzamutenga. Zaka ziwiri tsopano ndikumuvula jeketeyo madzulo.

Tsono ine ndinkadzifunsa kuti Nthanda akatengedwa, ndidzagona kuti? Nyumba ya kumudzi inagwa ndi mvula, munda ndinagawira ana a mng'ono wanga. Mawondo awa sadzanyamula anthu mpaka kalekale. Ndinkadziona ndavala jekete ija.

Choncho ndinapita ndi mfundo imodzi. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi. Akafuna mwana wanga abwere adzakhale pathu, pamene pali ine. Akakana, tiyi wawo amwe okha.

Loweruka limenelo ndinali ndi shifiti ya m'mawa, kuyambira sikisi mpaka thu koloko. Mnzanga sanabwere, ndiye ndinasambitsa ndekha anthu asanu ndi anayi. Potuluka msana unali ngati wa munthu wina. Mvula ya kuno ija yosagwa koma yonyowetsa inali ikuwaza. Tinakwera mabasi awiri. M'chikwama ndinali nditaika kabotolo ka shuga, chifukwa Nthanda anali atandichenjeza kuti kumeneko sathira.

"Mukatulutsa kabotoloko ndikusiyani komweko," anatero mubasi.

"Undisiye. Si ndi zimene wayamba kale?"

Anangoyang'ana pawindo.

Nyumbayo inali m'kanjira, pakati pa sitolo ya mpunga ndi kometera tsitsi. Mkati munali matebulo asanu a matabwa akuda, zitini zitandandalika pakhoma mpaka kudenga, ndi phee ngati m'tchalitchi Lolemba. Anatilandira mayi wamfupi, wa msinkhu wanga, mikono ili ndi zipsera za mafuta otentha. Amenewo ndiwo anali mayi Cheung. Zipserazo, ndinamva pambuyo pake, ndi za zaka makumi awiri akukazinga tchipisi ku Rotherham asanatsegule nyumba ya tiyiyi.

Kumbuyo kwawo kunaima Lawrence uja, mnyamata wamtali wa magalasi. Anawerama nati, "Muli bwanji, amayi," lilime likupunthwa pa mawu aliwonse.

Ndinamuyang'ana kumaso, gwa, mpaka anagwetsa maso ndi iye. Ndinachita dala. Kwathu mpongozi sayang'ana mkamwini kumaso, sadya pamaso pake, salandira kanthu m'manja mwake. Akakumana m'njira wina amapatukira kutchire. Umenewo ndiwo ulemu. Koma uyu sanali mkamwini wanga, anali mnyamata wa m'njira. Ndiye titakhala, ndinatenga kakeke kawo pambale ndi kutafuna ndikumuyang'ana, nyenyeswa zikugwera pathebulo.

Mayi Cheung anakhala moyang'anana nane. Patsogolo pawo panali thireyi ya matabwa yobowokabowoka, katipoti kadothi kosaposa chibakera changa, ndi timakapu tonga tija timapatsira nkhalamba mankhwala. Anatsegula chitini ndi kuthira m'katipoti timipira tobiriwira.

"Manyi a mbuzi," ndinatero.

Nthanda anawauza m'Chingerezi kuti ndati ndi tokongola. Chingerezi changa ndi cha kuntchito, cha "dzukani" ndi "mezani", koma bodza ndimalimva.

Mayiwo anathira madzi otentha, navundikira, ndipo ndisanaphethire anakhuthulira tiyi yense pathireyi. Yense! Ndinaona akutsikira m'mabowo muja.

"Afunse," ndinati. "Ndakwera mabasi awiri kudzaonera anthu akutaya tiyi?"

"Akuti woyambayo samwa. Akudzutsa masamba."

"Masamba amagona? Ine ndadzuka folo koloko, palibe anandithira madzi."

Izi sanamasulire, koma mayi Cheung anandiyang'ana ngati amva. Anathiranso madzi, anadikira pang'ono, natsanulira m'timakapu. Kanga sanadzaze nkomwe. Ndinameza kamodzi. Anali madzi otentha onunkhira udzu, basi. Ndinatsegula chikwama ndi kuika kabotolo kanga pathebulo. Nthanda anatseka maso.

Mayi Cheung sanakwiye. Anangoika chikhatho pamwamba pa kabotoloko, nalankhula ndi mwana wanga.

"Akuti mumwe kaye makapu atatu. Mukafunabe shuga, akuthirirani okha."

"Awiri."

Mayiwo anandionetsa zala zitatu.

"Awiri ndi theka."

Zala sizinatsike. Ine pamsika wa Bvumbwe sindinagonjepo kwa wogulitsa aliyense, koma tsiku limenelo miyendo inkawawa kwambiri. Ndinachotsa dzanja pakabotolo.

Kapu yachiwiri anandionetsa kuti ndizimwa pang'onopang'ono, ndiusunge mkamwa. Nditamaliza ananditukulira kapu yopanda kanthu kumphuno. Ndinafuna kuseka, munthu wamkulu kununkhiza kapu yopanda kanthu. Koma munalidi fungo, ngati la maluwa a mtengo wa malalanje mvula itangokata. Sindinanene.

Yachitatu inali yoderapo. Nditameza, patapita kanthawi kukhosi kunayamba kutsekemera kokha, popanda shuga. Ndinayang'ana kabotolo kanga ngati wina wandibera. Kenako mayi Cheung anavundukula katipoti kuti athire madzi ena, ndipo ndinasuzumira.

Timipira tija tinali titatambasuka. M'katipoti munali modzaza masamba athunthu, obiriwira, mphepete mwake mofiirira. Sindinapemphe. Ndinapisa chala ndi kutulutsa nthambi imodzi, ndi kuiyala pachikhatho.

"Amayi!"

"Khala chete. Auze kuti ine ndathyola tiyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi paesiteti, dengu kumsana, iweyo uli pachifuwa. Masamba awiri ndi kansonga, lamulo lake ndi limenelo. Apa pali atatu. Kwathu kapitawo akanakhuthula dengu lonse pansi pamaso pa anthu."

Nthanda ulendo uno anamasulira zonse. Mayi Cheung anaseka mokweza, koyamba. Anati mtundu uwu amausiya dala ukhwimeko, ukakhala wanthete sununkhira chonchi. Anati mayi awo nawonso ankathyola tiyi paphiri kwawoko. Kenako anatenga dzanja langa, nalitembenuza, nayang'ana chikhadabo cha chala chachikulu chimene chinang'ambika kalekale osabwereranso. Anagwedeza mutu.

Ndinayang'ananso tsamba lija. Amene analithyola sanakoke ayi, anadula bwino ndi chikhadabo, tsinde silinasadzuke. Anali munthu wodziwa ntchito, kaya anali atatopa bwanji. Zaka zonse zija ine tsamba ndinkalisiya pasikelo, ndi kupita. Sindinalionepo litabwerera lathunthu m'kapu. Ife tinkamwa fumbi lotsala kufakitale, ndi shuga wambiri kuti limezeke, ndipo tinkati tiyi ndi ameneyo.

Kutopa konse kunandigwera pamenepo. Ndinaona kuti ndikapanda kulankhula tsopano ndigona pathebulo.

"Afunse kuti ana awa akakwatirana akakhala kuti."

"Amayi, imeneyo ndi nkhani ya ankhoswe."

"Ankhoswe ako a Thompson ali ku Middlesbrough, akugwira shifiti. Funsa."

Nthanda asanatsegule pakamwa, kuseri kwa nsalu yotchinga kumapeto kwa chipinda kunamveka mawu, ofooka koma aukali. Lawrence anadzuka msanga napepesa. Anakoka nsaluyo, ndipo ndinaona mpando waukulu pafupi ndi hita yotenthetsa m'chipinda, pampandopo gogo wina wochepa ngati mwana, bulangete m'miyendo.

"Ndi agogo ake, mayi a malemu bambo ake," Nthanda anandinong'oneza. "Zaka makumi asanu ndi anayi. Mutu unapita. Masiku ena amayesa Lawrence ndi mwamuna wawo."

"Amakhala kuti?"

"Momwemuno, kumbuyoku."

Ine ntchito yanga ndi imeneyi. Palibe amene angandinamize za nkhalamba. Ndinadzuka, mawondo akulira, ndi kupita pomwepo. Mnyamata uja anali atagwada akuuzira tiyi m'kapu. Ndinamukankhira pambali ndi chigongono. Ndinanunkhiza bulangete: sopo basi. Ndinayang'ana kuseri kwa makutu: koyera. Ndinavula gogoyo sokosi imodzi ndi kutukula chidendene, pamene zilonda zimayambira munthu akasiyidwa tsiku lonse malo amodzi. Khungu linali losalala, lodzoledwa. Zikhadabo za kuphazi, zolimba zija zimene anzanga kuntchito amazithawa, zinali zowengedwa bwino, molunjika, zosalowa m'mnofu.

Gogoyo anandimenya pamutu ndi kadzanja kake, nanditukwana m'chilankhulo chawo. Ndinakondwa. Nkhalamba yoopa sitimenya.

"Amawenga ndani?" ndinafunsa, ndikuloza phazi.

Nthanda anali ataima kumbuyo kwanga, akufa ndi manyazi. "Lawrence. Lamlungu lililonse. Sakhulupirira wina aliyense."

Ndinabwezera sokosi. Ndinabwerera pampando wanga pang'onopang'ono, ndipo pokhala ndinatembenuza mpandowo kuti uyang'ane kukhoma la zitini. Ndinasasa nyenyeswa za keke pachifuwa. Nkhope inali ikutentha pokumbukira mmene ndinatafunira.

Pamenepo mayi Cheung anakonza tiyi wina, koma sananditsanulire okha. Anaitana mwana wawo. Ndinamva mapazi akuyandikira, kenako mawondo akugunda pansi pambali panga. M'mphepete mwa diso ndinaona kapu ili m'manja awiri, itatukulidwa.

"Amayi," mawu aja opunthwa. "Imwani tiyi."

Ndinakoka mpango wa kumutu kuphimba tsaya la mbali imeneyo. Manja ndinapinda.

Mayi Cheung analankhula mawu ochepa, owuma, ndipo ndinamva akutseka chitini mwamphamvu.

"Amayi, chonde." Anali Nthanda. "Kwawo wamng'ono akagwada ndi kapu chonchi, wamkulu akamwa ndiye kuti wamulandira. Mukapanda kumwa ndiye kuti mwamukana. Mwamukana pamaso pa mayi ake. Ngati ndi choncho mukanangonena kunyumba."

Ndinamva kuti akulira. Mwana amene sanalire ngakhale pamaliro a bambo ake.

"Iwe, sukulu inakudya mutu," ndinatero, ndikuyang'anabe zitini. "Auze bambowa adzuke. Awauza ndani kuti ine ndingamwe iwo akuona? Kapu ayike pathebulo, atuluke kaye panja."

Nthanda anasiya kulira.

"Bambowa?" anatero. "Kuyambira Januwale kanali 'kamnyamata ka magalasi'."

"Ndati auze a Lawrence."

Anaseka, mamina ali mbwee, ngati mwana wa sitandade wanu. Kenako anayamba kufotokoza m'Chingerezi, mofulumira, manja akuuluka: kuti kwathu mpongozi sayang'ana mkamwini, kuti muja ndinkamuyang'anitsitsa ndiye ndinali ndikumukana, kuti msana uwu ndiwo kuvomera.

Ndinayesa kuti nkhani yatha. Sindinkawadziwa mayi Cheung. Anamvetsera mpaka kumapeto, napukusa mutu.

"Akuti amva, ndipo akulemekeza. Koma mwana wawo wagwada. Sangadzuke ndi kapu yodzaza. Agogo aja akuona, ndipo mutu ungapite bwanji, ichi amachidziwa."

"Ine kulandira m'manja mwa mkamwini? Mayi anga adzuke m'manda."

"Akuti nawonso ali ndi akumanda awo."

Ndinatembenuza mutu pang'ono, mbali yomwe kunalibe mkamwini, ndi kuwayang'ana mayiwo. Anali atapinda mikono yawo ya zipsera ija. Ndinazindikira kuti apa ndakumana ndi mnzanga wa pamsika.

"Chabwino. Auze kuti ndimwa, koma pali zanga. Choyamba, ndimwa nditafulatira, ndipo iwo aweramitse mutu."

Anakambirana. "Akuti zimenezo zitheka. Bola kapu ichoke m'manja mwake kupita m'manja mwanu, osadzera pathebulo."

"Chachiwiri. Funso langa lija sanayankhe. Kumene ana awa akakhale, ine ndili pomwepo. Sindikupita kunyumba ya nkhalamba, sindikutsala ndekha mufulati."

Nthanda sanamasulire msanga. Anabwera kudzagwada kutsogolo kwanga, pakati pa ine ndi khoma.

"Nkhani yonse inali imeneyi? Chaka chathunthu?"

"Masulira."

Atamasulira, mayi Cheung anatulutsa mawu amodzi okweza, amene ngakhale ine ndinawamva popanda womasulira. Anali kufunsa kuti nanga ndinkayesa ndikakhala kuti. Kuchokera pansi, a Lawrence analankhula motsitsa.

"Akuti takhala tikuyang'ana nyumba kuyambira Juni," Nthanda anatero. "Ziwiri anazikana chifukwa zipinda zonse zinali m'mwamba. Anaona mmene mumatsikira basi tsiku lina pachipatala. Ndikanakuuzani, koma munati dzina lake likamveka m'nyumba muthyola mbale."

Ine sindikonda kugonja. Ndiye ndinawonjezera.

"Chachitatu. M'nyumba imeneyo ndikalowa ine poyamba. Ndikagone sabata imodzi, ndiphikemo. Iwo abwere pambuyo ndi chikwama chawo. Akhale obwera, monga mwa kwathu."

Apa mayi Cheung anakana. Anati mwana wawo si mlendo m'nyumba yake. Ndinati masiku asanu. Anati limodzi. Tinagwirizana atatu, koma anati pa tsiku la ukwati ndidzamwa ndikuyang'ana kutsogolo ngati munthu. Ndinati zimenezo akakambe ndi a Thompson.

"Ndipo mudzakhala bwanji nyumba imodzi osaonana?" Nthanda anafunsa. "Khitchini ndi imodzi."

"Azidzatsokomola asanalowe. Bambo ako ankatero kwa mayi anga zaka zonse, sanafe nazo."

Nthawi yonseyi munthu anali chigwadire, manja ali m'mwamba. Ndinamva kapu ikugogoda pang'ono, mikono itayamba kunjenjemera. Ndikudziwa mmene mikono imawawira ukanyamula kanthu nthawi yaitali, ngakhale kakhale kochepa.

"Aweramitsa?"

"Aweramitsa, amayi."

Ndinatambasulira manja onse awiri kumbali, osayang'ana. Kapu inafika m'zala zanga. Tiyi anali atazizira ndi kulimbana kwathu kuja. Ndinamwa pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira, nkhope ili kukhoma, ndipo ndinadikira. Kutsekemera kuja kunabwera kukhosi, ngakhale anali wozizira. Kuseri kwa nsalu gogo uja anakuwa chinachake, ndipo mayi Cheung anamuyankha mwachidule.

"Akuti chiyani?"

"Akufunsa ngati mwamwa. Awauza kuti mwamwa."

Pochoka mayi Cheung anandipatsa kaphukusi ka timipira tija. Ndinafuna kukana, koma ndinalibenso mphamvu zolimbana ndi mayi amene uja. A Lawrence anatiperekeza mpaka pakhomo, nayima kuseri kwa chitseko kuti ndidutse. Wina anali atawaphunzitsa msanga.

Kunja kunali kutayamba kuda ngakhale inali faifi koloko chabe, ndipo mvula inali yomweija. Basi inachedwa. Titakwera ndinavula nsapato imodzi, phazi litatupa.

"Kabotolo kanu mwakasiya pathebulo," Nthanda anatero.

"Ndakaona. Katsale. Ndikatenga Loweruka."

"Mubwereranso?"

"Zikhadabo za kumanja za gogo uja sanawenge bwino. Ndipo madzi aja ndikufuna ndione amawatenthetsa mpaka pati."

Ndinatsamira pawindo. Mawa lake ndinali ndi shifiti ina ya sikisi koloko, anthu asanu ndi anayi omwe aja, ndi mayi wa jekete kuchipinda cha kumapeto. Ndinauza Nthanda kuti andidzutse tikafika posinthira basi.